Goethe kapena telc: kukonzekera kuwerenga ndi galamala pa mayeso a B1

Ofuna satifiketi ya B1 (mlingo wapakati wodziwira chilankhulo) ya Chijeremani ambiri amasankha pakati pa mayeso a Goethe-Institut ndi a telc, mabungwe awiri olembetsa mayeso a Chijeremani. Konse kuwiri kukhoza kumayambira pa 60 peresenti, koma kakonzekeredwe kake n'kosiyana.

Ku Goethe, gawo la Lesen (kuwerenga) limatenga mphindi 65 ndipo lili ndi zigawo zisanu, zina mwa izo ndi nkhani za m'nyuzi, zotsatsa malonda, maganizo a anthu pa nkhani ina, ndi malamulo monga a m'nyumba yalendi. Galamala saifunsa payokha. Chimene chimagwetsa anthu ndi nthawi, choncho zolowerani kuwerenga wotchi ili pambali, osaima pa liwu lililonse lachilendo. Mukalephera gawoli mumabwereza lokhalo.

Ku telc, kuwerenga ndi galamala amazilemba pamodzi m'mphindi 90, ndipo nthawiyo mumaigawa nokha. Gawo la galamala, Sprachbausteine, limakhala makalata awiri okhala ndi mipata khumi iliyonse. Apa m'pamene tizinthu ting'onoting'ono timaluma: "Ich warte ___ den Bus" amafuna auf, ndipo weil imakankhira mneni kumapeto pomwe denn saitero, ngakhale mawu onse awiriwa amatanthauza "chifukwa". Izi zimafuna kuloweza ndi kubwerezabwereza mapepala oyeserera. Komabe galamalayi ndi mapointi 30 okha pamene kuwerenga ndi 75, ndiye yambani ndi kuwerengako, mipata mudzaze kumapeto.

Kwa ine, amene amamva nkhani msanga koma timawu ta galamala monga der, den ndi dem timamusokoneza, Goethe imukomera. Musanalipire, funsani kusukulu kapena kuntchito komwe mukupita kuti amavomereza satifiketi iti.