Maphunziro a bizinesi a masiku awiri ku Highfield

Ine ndimasoka zovala ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndili ndi anyamata atatu pa makina. Mwezi watha mlamu wanga anandikakamiza kulipira madola 15 kuti ndikaphunzire kayendetsedwe ka bizinesi muholo ya tchalitchi china ku Highfield, dera lina la mumzinda womwewu.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kubwerera kunyumba. Anayamba mochedwa ndi ola lathunthu, magetsi atazima, ndipo mphunzitsi wa m'mawa ankangowerenga papepala nkhani za makampani akuluakulu zosatikhudza ife a makina atatu.

Masana kunabwera mayi wina, ameneyo ndiye anandipindulitsa. Anandiloza nkufunsa kuti, "Bambo, patsiku mumatapa zingati m'kabati zogulira ndiwo?" Ndinasowa chonena, anzanga kuseka. Anatiuza kuti tizisunga makope awiri, lina la madola, lina la ZiG (ndalama ya dziko la Zimbabwe) ndi EcoCash (ndalama za pafoni), chifukwa ukasakaniza sudziwa ngati wapindula kapena ukudya mpamba. Kunena zoona, chibwerereni ZiG mu Epulo 2024 ndinkalemba zonse tsamba limodzi. Anatinso mwini bizinesi azidzipatsa malipiro pakutha pa mwezi ngati wantchito aliyense.

Za antchito anati Lolemba m'mawa tizikhala pansi kugawana maoda, aliyense adziwe diresi kapena yunifolomu yake ndi tsiku lobwera kasitomala. Ndayesa milungu itatu, kulozana zala kwachepa, ngakhale mnyamata wanga mmodzi akuti ndasanduka hedimasitala.

Nkhomaliro inali nsima yozizira ndi kabichi. Mukamapita mutenge kope ndi cholembera, sagawa.