C-peptide, glucagon kapena PP: ndi iti imene imaulula kuti shuga wachokera ku kapamba wodwala?

Anzanga amene mumaona odwala shuga, munthu uyu mukumudziwa: wawonda, m'mimba mumamupweteka mwa apo ndi apo, chimbudzi chake n'chamafuta komanso chonunkha kwambiri, ndipo shuga wakwera. Dzanja limathamangira kulemba kuti ndi mtundu wachiwiri, n'kumupatsa metformin. Koma kapamba, chiwalo chija madokotala amati pancreas, akawonongeka ndi kutupa kwa nthawi yaitali, khansa, matenda obadwa nawo a cystic fibrosis, kapena akadulidwa pa opaleshoni, shuga amene amabwera ndi wamtundu winanso, wotchedwa 3c. Kafukufuku wa ku England wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi 88 mwa odwala 100 alionse otere analembedwa kuti ndi a mtundu wachiwiri. Ndiye tiyeze chiyani m'magazi kuti tisamaphonye chonchi?

C-peptide ndi imene ambiri timayambira, chifukwa ma labu ambiri amaiyeza. Imatuluka m'kapamba limodzi ndi insulini, muyeso wofanana, koma imakhalitsa m'magazi, ndipo insulini yobaya ilibe C-peptide. Choncho ngakhale wodwala akudzibaya kale, timaona zimene kapamba wake akupanga yekha. Ikatsika pansi pa 200 pmol/L, insulini yatsala pang'ono kutheratu. Ikapitirira 600, ikadalipo yochuluka ndithu. Vuto lake n'lakuti imatiuza kuchuluka kwa insulini yotsala, osati chimene chawononga inayo. Wa mtundu woyamba, wa mtundu wachiwiri amene wadwala zaka zambiri, ndi wa 3c, onse angathe kutulutsa nambala yofanana. Komanso impso zikafooka imaoneka yokwera chifukwa ndi impso zimene zimaichotsa, ndipo mukaiyeza munthu atangochoka kumene m'ngozi ya shuga wokwera kwambiri, imaoneka yotsika kuposa mmene ililidi. Posankha ngati munthu ayambe kubaya, ndimaidalira kwambiri. Pofuna gwero la matenda, payokha siikwanira.

Glucagon, homoni imene imakweza shuga m'magazi, papepala imaoneka ngati yankho. Mu mtundu woyamba chitetezo cha thupi chimawononga maselo a beta okha, amene amapanga insulini, pamene mu 3c zipsera za kutupa sizisankha: zimadya maselo a beta, a alpha amene amapanga glucagon, ndi ena onse. N'chifukwa chake odwalawa shuga wawo amagwa mwadzidzidzi n'kuchedwa kukwera, popeza homoni yoti imukweze yachepa. Koma mu labu glucagon ndi yovuta. Imawonongeka msanga m'botolo, ndipo matumbo amapanga tinthu tofanana nayo, monga glicentin ndi oxyntomodulin, timene timasokoneza zoyezera zina. Ngakhale mwa anthu amene kapamba wawo anachotsedwa yense, ofufuza anapezabe glucagon yochokera m'matumbo. Ine ndimaisiyira a kafukufuku.

Imene ili ndi nkhani yeniyeni ndi pancreatic polypeptide, mwachidule PP. Maselo ake anaunjikana kumutu kwa kapamba, ndipo amaitulutsa munthu akadya, molamulidwa ndi mtsempha wochokera ku ubongo wotchedwa vagus. Siiyezedwa kamodzi ngati C-peptide. Wodwala amagona osadya, m'mawa atengedwa magazi, amwa chakumwa chokhala ndi mapuloteni, mafuta ndi sitachi, kenaka magazi amatengedwanso pakapita mphindi 30, 60, mpaka 120. Chimene tikuyang'ana ndi kudumpha kwake. Kwa munthu wathanzi ndi wa mtundu wachiwiri, PP imakwera kuwirikiza kangapo. Kwa amene kapamba wake wadzaza zipsera, mzere wa zotsatira umangogona osanyamuka. Apa ndi pamene PP imaposera zinzake ziwiri zija, chifukwa imasiyanitsa magulu awiri amene timawasokoneza kawirikawiri, mtundu wachiwiri ndi 3c. Akatswiri amene anakumana pa msonkhano wa PancreasFest mu 2012 ku Pittsburgh anaiika ngati chizindikiro chodalirika cha shuga wa 3c.

Komabe musaikhulupirire mwachimbulimbuli. Popeza imadalira vagus, munthu amene shuga anamuwonongera mitsempha ya m'kati, kapena amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba yokhudza mtsemphawu, PP yake siidumpha ngakhale kapamba alibe chipsera. Wa mtundu woyamba amene wadwala zaka zambiri nayenso angaonetse mzere wogona. Kumbali inayi, ngati chodulidwa kapena chowonongeka ndi mchira wa kapamba, mutu uli bwinobwino, PP ingakwere monga mwa nthawi zonse, inu n'kumumasula munthu amene alidi ndi 3c. Imakweranso ndi ukalamba komanso impso zikafooka. Onjezani kuti wodwala amataya m'mawa wonse akubayidwa kangapo, ndipo ndi ma labu ochepa amene amaiyeza.

Tsono pali opikisana nawo amene si mahomoni n'komwe, ndipo kunena zoona ndi amene amagwira ntchito yaikulu. Mfundo zimene Nils Ewald ndi anzake a ku Giessen, Germany, anapereka mu 2013 zimafuna zinthu zitatu: umboni wakuti timadzi togaya chakudya timene kapamba amapanga tachepa, chithunzi choonetsa kapamba wowonongeka, ndi kusapezeka kwa ma antibody a mtundu woyamba, zizindikiro zakuti chitetezo cha thupi chikulimbana ndi maselo a beta, monga GAD65, IA-2 ndi ZnT8. Timadzito timayezedwa poona kamodzi mwa ito, elastase-1, m'chimbudzi, ndipo ikatsika pansi pa 200 µg/g tachepa. Wodwala sabayidwa, sasala kudya, sasiyanso makapisozi ake ogayira chakudya. Chenjerani ndi chimbudzi chamadzi, chifukwa chimatsitsa nambala monyenga, ndipo odwala ena a mtundu woyamba ndi wachiwiri nawonso imawatsikira. Sikani ya CT kapena MRI ikaonetsa timiyala m'kapamba, njira yake ya timadzi yotanuka kapena chotupa, mkangano umatha, ngakhale matenda akakhala ongoyamba kumene chithunzi chingaoneke chabwinobwino.

Nanga kuvutika konseku n'kwa chiyani, poti shuga ndi shuga? Chithandizo chimasintha. Wa 3c kawirikawiri amafuna makapisozi ogayira chakudya, kuyezedwa mavitamini A, D, E ndi K, komanso insulini yoperekedwa mosamala poopa kugwa kwa shuga. Mankhwala a shuga a m'magulu a GLP-1 ndi DPP-4 nthawi zambiri amapewedwa kwa munthu amene kapamba anamutupapo. Ndipo mwa anthu amene shuga wawayamba atapitirira zaka 50, pafupifupi mmodzi mwa 100 amapezeka ndi khansa ya kapamba pasanathe zaka zitatu. Wotereyu akamawonda popanda chifukwa, musadikire homoni iliyonse, mutumizeni ku sikani.

Ine ndimayamba ndi mafunso: munatupapo kapamba, mumamwa mowa wochuluka bwanji, mumasuta, chimbudzi chikuoneka bwanji? Kenaka ma antibody ndi C-peptide pa magazi amodzi, elastase, ndiye sikani. PP ndimaisungira wodwala uja wonenepa amene akuoneka ngati wa mtundu wachiwiri koma anagonapo m'chipatala kawiri ndi kutupa kwa kapamba, amene elastase yake yaima pamalire ndipo chithunzi sichikunena zomveka.