Asilikali oiwalika a G.I. Joe: makomiki atatu, muyambe ndi iti?

Aliyense amene anaonerapo G.I. Joe, nkhani ya gulu la asilikali a ku America lolimbana ndi gulu la zigawenga lotchedwa Cobra, amamudziwa Snake Eyes, ninja wovala zakuda uja amene sayankhula. Duke ndi Cobra Commander nawonso ndi odziwika. Koma tchulani Chuckles, Lightfoot kapena Crankcase, anthu angokuyang'anani kukamwa. Ine amene amandikoka mtima ndi oiwalikawa, ndipo kwa inu anzanga ofuna kuwapeza m'makomiki, pali mabuku atatu amene amalimbirana ndalama zanu: komiki yaikulu ya kampani ya Marvel yotchedwa A Real American Hero, mng'ono wake Special Missions, ndi G.I. Joe: Cobra ya kampani ya IDW.

Kuiwalika kwawo kuli ndi gwero. Mu 1982 kampani ya Hasbro inatulutsa zidole za asilikali zazitali mainchesi 3.75, ndipo gulu loyamba la a Joe linali la anthu 13. Komiki inabadwa chaka chomwecho kuti izithandiza kugulitsa zidolezo. Chaka chilichonse kunkabwera zidole zatsopano, zakale n'kumachoka m'masitolo, ndipo wolemba, Larry Hama, ankayenera kupezera malo wobwera aliyense pamodzi ndi galimoto yake kapena ndege yake. Masamba sankawonjezeka, anthu okha ndi amene ankachuluka. Zinali ngati timu ya mpira imene ikugula osewera atsopano chaka ndi chaka koma m'bwalo mukulowabe 11 basi, benchi imangotalika.

Komiki yaikuluyo inayenda kuyambira 1982 mpaka 1994, manambala 155. Ubwino wake ndi woti Hama ankawadziwa anthu ake. Iye ndi amene ankalembanso timbiri tatifupi takumbuyo kwa katoni ya chidole, ndipo anagwirapo ntchito ya usilikali ku America, choncho ngakhale munthu wongodutsa pa tsamba limodzi amayankhula ngati ali ndi kwawo. M'manambala oyambirira, gulu likadali laling'ono, Clutch woyendetsa galimoto, Breaker wa zamawailesi amene sasiyana ndi chingamu, ndi Rock 'n Roll amapatsidwa mpata wopuma, kuseka ndi kukangana. Grunt mpaka amasiya usilikali kukaphunzira ku yunivesite, zimene sizichitikachitika m'nkhani zogulitsira zidole.

Koma nambala 21 ya mu 1984, yopanda mawu ija, itatchuka, nkhani inayamba kupendekera kwa Snake Eyes, ninja mnzake Storm Shadow ndi banja lawo la maninja. Pofika kumapeto, dzina la Snake Eyes linkalembedwa pachikuto m'zilembo zikuluzikulu, ngati komikiyo ndi yake yekha. Enawo ankangotulukira, kutchula dzina lawo kuti mwana alidziwe akapita kusitolo, kenako zii. Chimene chimandiwawa ndi nambala 109 ya mu 1991. Kumeneko Doc, Crankcase, Heavy Metal ndi Thunder akuphedwa ndi msilikali mmodzi wa Cobra, S.A.W. Viper, ndipo m'nkhani yomweyo mukufanso Breaker, Quick Kick ndi Crazylegs. Doc ndi Breaker tinawalira chifukwa tinkawadziwa. Nanga Crankcase ndi Heavy Metal? Tsiku lalikulu pa moyo wawo wonse wa m'komiki linali tsiku la imfa yawo. Ngati mukufunafuna oiwalika, buku ili limakupatsani mayina ambiri kuposa ena awiriwa, koma muyenera kupirira masamba ochuluka kuti mutolemo mphindi zochepa za munthu amene mukumufuna.

Special Missions inayamba mu 1986 n'kutha mu 1989, manambala 28, ambiri ojambulidwa ndi Herb Trimpe. Wolemba ndi Hama yemweyo koma kalembedwe n'kosiyana. Kawirikawiri nambala imodzi ndi ntchito imodzi, kagulu ka anthu ochepa kamatumidwa kwinakwake, ndipo nthawi zambiri mdani si Cobra ayi, ndi zigawenga, akazitape kapena maboma ankhanza. Popeza palibe nkhani yaitali ya maninja yoti aisamale, munthu amasankhidwa chifukwa cha luso lake. Mu nambala 2, Clutch, amene ndi Myuda, akutumidwa limodzi ndi Recondo, Roadblock ndi Dial-Tone kukateteza mkulu wina wa chipani cha Nazi wobisala ku South America, pamene kagulu kena kali ku Greenland kulimbana ndi ndege yakale yodzaza ndi mpweya wa poizoni. Apa Clutch salinso wanthabwala wokonda akazi uja, ndi munthu amene akulamulidwa kuchita chinthu chomuwawa mumtima.

Imene ndimaiika patsogolo ndi nambala 13. Lightfoot, katswiri wa mabomba amene ngakhale okonda zidole ambiri samukumbuka, akugwidwa n'kuzunzidwa mpaka kuulula zimene akudziwa. Komiki ya ana, ya asilikali olimba mtima, ikuonetsa msilikali akugonja pozunzidwa, ndipo sikumunyoza. Yafunsa funso loona: kodi munthu wotere wathera pomwepo? Mnzake wa paulendowo, Mangler, ndi amene akutaya moyo kuti enawo apulumuke. Palinso nambala 6, pamene Outback akuthawa yekha m'dziko lopeka la Borovia anzake atagwidwa.

Polephera pa Special Missions ndi poti nkhani ikatha, yatha. Lightfoot mwamudziwa lero, mawa kwabwera kagulu kena, iye wabwerera kumdima. Zojambula za Trimpe nazo ndi zachikale, nkhope zolimbalimba, ngakhale kuti pa ndege ndi akasinja munthuyu analibe mnzake.

G.I. Joe: Cobra ndi ya mtundu wina kotheratu. Inayamba mu 2009 ndi manambala anayi, olemba Mike Costa ndi Christos Gage, wojambula Antonio Fuso. Iwo anatenga Chuckles, chidole cha mu 1987 chovala malaya a maluwamaluwa a ku Hawaii, amene mu filimu ya makatuni ya chaka chomwecho sanayankhule ngakhale liwu limodzi, n'kufunsa kuti: pakatoni pake panalembedwa kuti ndi kazitape, nanga ukazitape umamutani munthu? Chuckles akulowa m'gulu la Cobra mobisa, ndipo kuti amukhulupirire ayenera kuchita zimene Cobra imachita. Pang'onopang'ono nthabwala zake zikuuma. Yekhayo womulumikiza ndi kwawo ndi Jinx, mkazi wa m'gulu la Joe, ndipo zimene zikuchitika pakati pa awiriwa sindikuululirani, mudzazione nokha. Costa anatsitsimutsanso adani amene anthu ankawaseka. Crystal Ball, chidole cha wamatsenga chimene ana ambiri sankachifuna, pano ndi munthu woti ukakumana naye tsitsi limaima. Mapasa aja Tomax ndi Xamot akuoneka ngati eni kampani ozizira mtima, osati anthu odumphadumpha a m'makatuni.

Pa kuzama, komiki ya Cobra yawasiya kutali awiri enawo. Koma dziwani zinthu ziwiri musanagule. Choyamba, nkhaniyi sikupitiriza ya Hama. IDW inayambiranso dziko lake, ndiye Chuckles uyu sali yemwe uja wa Marvel. Chachiwiri, si ya ana. Muli kuphana kozizira, kuperekana, ndipo zojambula zake ndi zamdima moti nthawi zina umavutika kusiyanitsa nkhope. Ndiponso, kunena chilungamo, kuti munthu mmodzi woiwalika akwezedwe, ena omuzungulira akugwiritsidwa ntchito ngati nkhuni zosonkhezera moto wake.

Kapezekedwe nako kamasiyana. IDW inasiya kusindikiza G.I. Joe kumapeto kwa 2022, choncho mabuku ake, kuphatikizapo The Last Laugh limene linasonkhanitsa nkhani yonse ya Chuckles, mumawasaka kwa ogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito. Komiki ya Hama ndi yosavuta: anaipitiriza ku IDW kuyambira 2010 mpaka nambala 300, ndipo kampani ya Skybound inaitola pa nambala 301 mu 2023, n'kumasindikizanso manambala akale m'mabuku akuluakulu.

Ine ndikanakhala ndi ndalama ya buku limodzi, ndikanagula Special Missions. Cobra ndi yolembedwa bwino kuposa onse, sindikutsutsa, koma imakupatsani Chuckles mmodzi, pamene funso lathu ndi la khamu lonse lija limene Hasbro inaumba n'kuliiwala. Special Missions mukhoza kuiyambira pa nambala iliyonse osasokonezeka, ndipo mumatulukamo mukudziwa Airtight, Iceberg, Outback ndi Lightfoot ngati anthu. Cobra ibwere kachiwiri, ana atagona. Komiki yaikulu werengani manambala 50 oyambirira, gulu lisanasefukire. Kupitirira pamenepo, pitirizani pokhapokha ngati maninja amakusangalatsani.