Power supply ya 500W: ikugwira bwino, koma sindinkafunika kuigula tsiku limenelo

Ndinagula power supply (kabokosi kamene kamalandira magetsi a kukhoma n'kuwagawira ku zida za m'kati mwa kompyuta) ya 500W m'sitolo ina ya makompyuta ku Limbe miyezi iwiri yapitayo, pa mtengo umene ogula zida zotere mukuudziwa kale chigwereni kwacha mu Novembala 2023. Ndadikira dala kuti mtima ukhale pansi ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba sabata yoyamba ija, ndikanalakwira ngakhale munthu amene anandithandiza.

Kompyuta imene ndimatayipira ndi kusindikizira makalata a anthu inayamba kuzima yokha. Ndikadina batani, mafani ankazungulira, nyali n'kuyaka, pa sikirini n'kubwera mawu achingerezi otchula USB ndi masekondi 15, kenako zonse n'kukhala zii. Mawuwo ndinawajambula pa foni ndipo ndinapita nawo kusitoloko. Bambo wa pakauntala foniyo sanaiyang'ane n'komwe. Ndisanamalize kufotokoza anali atatsitsa kale bokosi pashelefu, akunena kuti, “Mayi, kompyuta ikamazima yokha ndiye kuti power supply yapsa, ndi magetsi athu omwewa.” Popeza magetsi amathimathima ndithu kwathu, ndinawakhulupirira, ndinalipira, ndipo madzulo ake mwana wa achimwene anga anaimangirira. Kompyuta inayaka, mawu aja anabweranso, ndipo inazima pa nthawi yomwe ija.

Nditabwerera mmawa mwake nditanyamula kompyuta yonse pa minibasi, bambo aja anangondilozera mawu a pansi pa lisiti onena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kuwonjezera kuti mwina amene anamangirirayo ndiye wawononga. Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama ayi, koma kuti ankayankhula nane maso ali pa foni yawo, ngati kuti mzimayi sangathe kufotokoza zimene waona ndi maso ake pa makina amene amagwirapo ntchito tsiku ndi tsiku. Ndinakweza mawu, ndipo sindikupepesa.

Phokosolo ndi limene linatulutsa mnyamata wokonza makina amene amakhala kuchipinda cha kumbuyo, ndipo nyenyezi zimene ndikupereka panozi ndi zake. Choyamba anapempha kuona chithunzi chija. Kenako anafunsa ngati kompyutayo ikazima imalola kuyakanso ndikangodina batani, kapena ngati ndimayamba ndazimitsa switch ya kumbuyo. Nditamuuza kuti imayakanso nthawi yomweyo, anafotokoza kuti power supply imazima m'njira ziwiri: ikhoza kudziteteza yokha ikamva kuti mawaya agundana, yatentha kwambiri kapena yalemedwa, ndipo zikatero nthawi zambiri imakana kudzuka mpaka uichotse kaye kumagetsi, kapenanso ikhoza kulamulidwa ndi motherboard (bolodi lalikulu limene zida zonse za m'kompyuta zimalumikizidwapo) kuti izime, pamene iyoyo ilibe vuto lililonse.

Sanafune kuti ndingomukhulupirira ngati mmene ndinachitira ndi abwana ake. Anazula mawaya onse, anatenga pulagi yaikulu ya mapini 24, ndipo ndi kawaya kopanira mapepala analumikiza waya wobiriwira ndi wakuda woyandikana nawo. Fani inazungulira osaima. Anati waya wobiriwirawo ndi umene motherboard imayatsira ndi kuzimitsira power supply, kotero kuti ukaulumikiza wekha ndi wakuda, umaona ngati chidacho chingakhale choyaka pachokha. Anatenga mita n'kuyeza waya wachikasu, wofiira ndi wa olenji, amene amayenera kupereka 12V, 5V ndi 3.3V, ndipo onse anali m'malo mwake. Anachita chimodzimodzi ndi yakale ija, imene mwamwayi ndinali nditaiponya m'chikwama, ndipo nayonso inayaka bwinobwino. Apa ndipo ndinatembenuka kuyang'ana bambo a pakauntala, koma iwo anapeza chochita kwina.

Anabwezera mawaya n'kuyamba kuchotsa zinthu chimodzichimodzi: kiyibodi, mausi, hard disk, ndipo pomaliza kawaya kochokera ku malo olowetsa flash a kutsogolo kwa bokosi. Atangozula kameneko pa motherboard, kompyuta inasiya kuzima, atabwezera hard disk n'kufika mu Windows, ndipo tinaisiya pafupifupi ola lathunthu osazima. Atawalitsa tochi m'malo olowetsa flash aja, tinaona kuti kapulasitiki ka m'kati kanathyoka ndipo timapini tinapindika n'kukhudza chitsulo cha m'mbali. Magetsi a 5V ankathawira pamenepo, motherboard n'kuona kuti akukokedwa mopyola muyeso, ndiye inkazimitsa zonse kuti isapse. N'zimene mawu a pa sikirini aja ankanena kuyambira tsiku loyamba. Sindinadabwe, chifukwa pa tsiku pamalowa ma flash ambirimbiri a makasitomala, ndipo ena amakankha mwamphamvu ngakhale atayitembenuza.

Kunena chilungamo, yakale ija sinali yangwiro. Ataimangirira kuti aiyeze ikugwira ntchito, waya wachikasu unkatsika kufika pa 11.5V, pamene malire ovomerezeka ndi kuyambira 11.4V mpaka 12.6V, ndipo fani yake inali itadzaza fumbi n'kumalira. Mnyamatayo anati ikanatha kukankha miyezi ina, koma inali panjira. Anandichenjezanso kuti ndisalole munthu kuitsegula kunyumba, chifukwa ma capacitor a m'kati mwake amasunga magetsi ngakhale itazulidwa kukhoma. Chifukwa cha zimenezi ndinasiya kulimbana zoti andibwezere ndalama, ndipo yatsopanoyo ndinaisunga.

Pa miyezi iwiriyi power supply yatsopanoyi sinandivutepo. Siichita phokoso, mawaya ake ndi aatali mokwanira, ndipo magetsi akathima n'kubweranso imadzuka popanda vuto. Malo a kutsogolo aja ndinawamata tepi, makasitomala tsopano amalowetsa ma flash awo pa chingwe chimene ndinalumikiza kumbuyo, chimene chikathyoka ndingagule china pa ndalama yochepa.

Mnyamata uja sanandilipiritse kanthu, ngakhale anataya nane nthawi yoposa ola, ndipo ndalama ya chakumwa imene ndinamupatsa anailandira mwamanyazi. Bambo a pakauntala sanapepese mpaka ndinatuluka. Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Amene mukupita kumeneko ndi kompyuta yozima yokha, nyamulani bokosi lonse, jambulani chilichonse chimene chikubwera pa sikirini, ndipo musatulutse ndalama pakauntala musanapemphe kuti wa kumbuyo uja ayeze kaye power supply yanu yakale inu mukuona.