Madokotala a mano ozindikira mafupa ofukulidwa: ntchito amaidziwa, koma kuyankha foni ndiye vuto

Ndati ndilembepo za ofesi ya madokotala a mano omwe amagwira ntchito ndi apolisi pozindikira mitembo, poti anthu ambiri sadziwa nkomwe kuti thandizo ngati ili lilipo. Ine ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5.

Amalume athu anasowa kalekale, nkhani yake osaoneka mutu, kenako apolisi anadzatiuza kuti pali thupi lina linapezeka nthawi yomweyo nkuikidwa popanda dzina, ndiye khothi linaloleza kuti afukule. Pamenepo nkhope palibenso, zidindo za zala palibe, kwangotsala mafupa ndi mano basi. Adokotala anati mano ndiwo amakhalitsa chifukwa enamel, chikuto choyera chakunja kwa dzino chija, ndi chinthu cholimba kuposa china chilichonse m'thupi, imaposa ndi fupa lomwe. Nchifukwa chake a Interpol, bungwe logwirizanitsa apolisi a mayiko osiyanasiyana, amawerengera mano pamodzi ndi DNA komanso zidindo za zala ngati njira zitatu zodalirika, moti ku Thailand tsunami (mafunde aakulu a m'nyanja) ya 2004 itachitika, ambiri mwa omwe anafa anazindikirika ndi mano omwewa.

Funso lawo loyamba linali loti, kodi ankapita kwa dokotala wa mano? Mwamwayi anamatitsapo dzino ndipo kiliniki ija inasunga fayilo ndi X-ray. Popanda zimenezo sakanakhala ndi choyerekezera, akanangonena zaka zake mongoyerekeza, kapena kuboola dzino lakumapeto kuti atenge DNA mkatimo.

Chomwe chinandigwira mtima ndi mmene anationetsera. Anaika zithunzi ziwiri pa kompyuta, chakale ndi cha nsagwada yofukulidwayo, nkuyamba kuloza ndi cholembera dzino limodzilimodzi, malo onse 32, chomatira chija chikuoneka mbee pamalo omwewo kaumbidwe kake komweko, muzu wina wopindika chimodzimodzi. Panali dzino lina lomatidwa lomwe pa chithunzi chakale linali labwinobwino, ine mtima unagunda kuti basi si iwowo, koma anati zimenezo zimatheka, munthu atha kukamatitsa pambuyo pake kwina. Chosatheka ndi choti dzino linazulidwa kale lipezekenso, zikatero ndiye kuti ndi munthu wina. Anationetsanso kusiyana kwa dzino lozulidwa munthu ali moyo, pomwe fupa linatsekeka nkusalala, ndi logweruka atamwalira kale, pomwe dzenje limakhala lotseguka m'mbali mwake muli mwakuthwa. Sanathamangire kutisangalatsa ayi, anadikira mnzawo wachiwiri aonenso payekha asanasaine lipoti, ndipo zimenezo ine ndinazilemekeza kwambiri.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kusatidziwitsa zinthu. Ukaimba foni akuti funsani apolisi, apolisi akuti lipoti silinafike, chonsecho amayi anga sakugona kudikira za mchimwene wawo, kauthenga kamodzi kokha konena pomwe zafika kakanatithandiza. Lipotilo lalembedwanso m'chinenero chachipatala chokhachokha ndi manambala a mano, wekha sungalimve, choncho muziwapempha akufotokozereni pamaso.

Ngati muli ndi m'bale wosowa yambani pano kusaka mafayilo ake a mano, ngakhale zithunzi zoti akuseka mano akuoneka bwino amalandira. Koma mudziwiretu kuti iwowa amangokuuzani kuti munthuyo ndi ndani, za chomwe chinawapha amalume zikadali m'manja mwa apolisi mpaka lero.