Gitala ya ku Hawaii pojambula nyimbo zakale: yatimbale kapena yamagetsi?

Magitala awiriwa amaimbidwa mofanana: mumagoneka pamiyendo, kachitsulo n'kumatsetsereka pansambo. Yatimbale, monga ya kampani ya National ya mu 1927, ili ndi thupi lachitsulo ndi timbale titatu ta aluminiyamu tokweza mawu. Yamagetsi inayamba kugulitsidwa mu 1932, ija anthu ankaitcha chiwaya poona kapangidwe kake.

Mtengo: yatimbale yabwino ndi yodula ndithu. Yamagetsi yophunzirira ndi yotsika mtengo, kungoti pamafunikanso amplifaya.

Kulimba: timbale tija n'topyapyala, tikaphwanyika mawu amayamba kunjenjemera. Yamagetsi ndi thabwa lolimba, sichedwa kukonza.

Mawu: apa m'pamene pagona nkhani. Yatimbale imalira mwakuthwa koma mawu ake amazilala msanga, choncho pokonza nyimbo mumadzaza mipata ndi timanotsi tothamanga, monga ankachitira Sol Hoopii, katswiri wa gitalayi wa ku Hawaii. Yamagetsi imakoka noti imodzi mpaka kutali, ngati woimba wa mpweya wambiri. Nyimbo yachikondi yoyenda pang'onopang'ono imakhala bwino pamenepa, makamaka mukachuna nsambo za gitalayo m'njira yotchedwa C6. Ineyo khutu langa limakomera yamagetsi.

Kujambula: yatimbale imafuna chipinda chopanda phokoso, chifukwa maikolofoni imatola chilichonse, ngakhale kukhwekhwereza kwa kachitsulo. Yamagetsi mungailumikize kukompyuta, koma chenjerani ndi kung'ung'udza kwa magetsi.

Wofuna mawu enieni a m'ma 1920 atenge yatimbale. Wojambulira kunyumba, ndalama zili zochepa, ayambe ndi yamagetsi.