Kagolosale ka ku Kapata komwe anandikhwatchira nkhongole

Kufupi ndi msika wa Kapata, mumzinda wa Chipata ku Zambia, kuli kagolosale kena, eni ake ndi mayi wachikulire wosakonda zoseka. Mitengo yawo si yotsika, ndinene poyera. Saladi (mafuta ophikira) ndi shuga mungazipeze motchipa ku masitolo a ku Down Shops, ndipo kapenta wawo nthawi zina amakhala wamchenga. Komabe ine ndimagula komweko.

Mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku damu la Kariba komwe amapanga magetsi, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse. Kumene ndinkawotcherera zitseko ndi mageti ntchito inaima, abwana n'kutiuza kuti tiyambe takhala kunyumba. Apo n'kuti thumba la unga la 25kg litapitirira K300. Ndinayamba kutenga timapamela (timapaketi ta unga) ndi sopo pankhongole, amayiwo n'kumalemba m'kabuku kawo kothimbirira ndi mafuta, komwe amakamanga ndi mphira. Tsamba langa linadzaza mpaka kuseri.

Nditagulitsa wailesi ndinapita ndi kandalama kochepa. "Amayi, landirani kaye aka, yotsalayo mundidikireko." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwanawe, bweza m'thumba, ukagulire ana makala." Anatenga bolopeni n'kukhwatcha tsamba lonse, n'kunena kuti ndikadzapeza ntchito ndisadzawadutse ndi majumbo a kwina.

Musathamangireko poganiza kuti n'kwaulere. Amadziwa yemwe ntchito yamuthera ndi yemwe ndalama zimathera ku mowa, ndipo wachiwiriyo amamulondola mpaka pakhomo. Amatseka msanga, ndipo Lamlungu satsegula mpaka atabwerako ku tchalitchi.